Zenera limodzi silokwanira: zomwe sayansi ya kayendedwe ka mpweya ikuuza zipatala ndi sukulu za ku Ntcheu

Nkhani ya ndalama zachitukuko za CDF yatenga malo m'makhonsolo kuchokera pomwe boma lidalonjeza kuzikweza kufika K5 biliyoni pa dera la phungu aliyense. Ndalamazi zikayamba kufika mokwanira, zambiri zidzathera pa njerwa, simenti ndi malata: midadada ya makalasi, zipatala zazing'ono, malo odikirirako amayi oyembekezera. Anthu akukangana za yemwe azisaina macheke komanso yemwe azisankha makontrakitala. Funso lomwe silikumveka ndi loti mpweya uzidzalowera pati ndi kutulukira pati m'nyumba zimenezi.

Funsoli likuoneka laling'ono, koma nyumba ikamangidwa imakhala zaka 40 kapena 50, ndipo onse olowamo amapuma mpweya womwe mmisiri adaulola kudutsa. Ku Ntcheu, boma lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu pafupifupi 660,000, nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Kumtunda, monga ku Tsangano ndi ku Lizulu, kumazizira kwambiri mu June ndi July moti kutseka mazenera si ulesi, ndi kudziteteza ku chisanu. Kumunsi, m'chigwa cha Bwanje, cha ku Sharpevale ndi ku Kasinje, October akafika anthu amatsegula chilichonse chotseguka. Pulani imodzi ya kalasi, yojambulidwa ku Lilongwe, ikamangidwa m'malo onsewa siigwira ntchito mofanana.

Chomwe chili pachiswe ndi chifuwa chachikulu cha TB, chikuku, chimfine ndi Covid-19, matenda omwe amayenda ndi mpweya. Dziko la Malawi lili pa mndandanda wa bungwe la WHO wa mayiko omwe TB ndi HIV zimagwira anthu ambiri pamodzi. Ndipo kuyambira January 2025, pomwe dziko la America lidaimitsa thandizo lambiri la zaumoyo, njira zopewera matenda zosafuna ndalama zakunja zakhala zofunika kuposa kale.

Mbira za ku Baltimore

Umboni woti TB imayenda ndi mpweya udachokera ku mbira. M'zaka za m'ma 1950, katswiri wina dzina lake Richard Riley ndi anzake adatenga mpweya wotuluka m'wodi ya odwala TB mumzinda wa Baltimore ku America n'kuudutsitsa m'makola a mbira omwe adali pamwamba pa wodiyo. Mbirazo sizidakhudzane ndi wodwala aliyense, sizidadye naye mbale imodzi, koma zina zidatenga TB. Munthu akatsokomola, kuyankhula kapena kuimba, amatulutsa timadontho tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo tina timatha kuyandama m'chipinda kwa maola.

Kuchokera pa ntchito ya Riley ndi mphunzitsi wake William Wells padabadwa masamu omwe akugwiritsidwabe ntchito, otchedwa Wells-Riley. Amati mwayi woti munthu atenge matenda umakula ndi kuchuluka kwa odwala m'chipindamo komanso nthawi yomwe wakhalamo, ndipo umachepa mpweya wakunja ukamalowa wambiri. Koma masamuwa amayerekeza kuti mpweya m'chipinda umasakanikirana bwinobwino ngati shuga mu tiyi wotakasa, kuti wokhala pakhomo ndi wokhala pakona akupuma zofanana. Aliyense amene adakhalapo m'khitchini ya utsi akudziwa kuti sizili choncho. Pali malo omwe maso amalira misozi, ndipo pali pomwe agogo amakhala osatsokomola n'komwe.

Utsi umayamba mowongoka

Yatsani koyilo yothamangitsira udzudzu m'chipinda chopanda mphepo, muyang'ane utsi wake. Poyamba umakwera mowongoka ngati ulusi. Ukakwera pang'ono umayamba kugwedezeka, kenako umasweka n'kukhala tiakamvuluvulu tambirimbiri, tina tokulirapo, tina tating'ono kwambiri. Kuvunduka kumeneku pa Chingerezi amati turbulence, ndipo ndi kumene kumachititsa kuti kulosera kayendedwe ka mpweya kukhale kovuta. Mu 1883 Osborne Reynolds, mphunzitsi wa ku Manchester, adaonetsa zomwezi pothira utoto m'madzi oyenda m'paipi yagalasi: madzi akamayenda pang'onopang'ono utoto unkakhala mzere umodzi, akathamanga unkabalalika.

Malamulo a kayendedwe ka madzi ndi mpweya adalembedwa kale m'zaka za m'ma 1800, ndipo amadziwika ndi mayina a Navier ndi Stokes. Kuwalemba kudatheka, koma kuwamasula kotheratu kudakanika, moti mu 2000 bungwe la Clay Mathematics Institute lidaika mphoto ya madola 1 miliyoni kwa yemwe angayankhe funso lina lalikulu lokhudza masamuwa. Zomwe mainjiniya amachita ndi kugawa chipinda pa kompyuta m'timabokosi masauzande kapena mamiliyoni, kenako kompyutayo imawerengera liwiro, kutentha ndi kolowera mpweya m'kabokosi kalikonse. Njirayi amaitcha Computational Fluid Dynamics, mwachidule CFD. Mmodzi mwa oyamba kuigwiritsa ntchito pa mpweya wa m'zipinda ndi Peter Nielsen wa ku Denmark, m'zaka za m'ma 1970.

Vuto limabwera pa tiakamvuluvulu tija. Taganizirani msika wa Lizulu tsiku la msika. Mutafuna kudziwa momwe anthu amayendera, mukhoza kutsatira munthu aliyense, phazi ndi phazi, mpaka mwana wogulitsa mandasi. Mungapeze zoona zenizeni, koma ntchitoyo singathe. Pa kompyuta njira imeneyi imatchedwa DNS, ndipo pa wodi yonse ya chipatala imafuna makompyuta amphamvu kwambiri moti siigwiritsidwa ntchito pojambula mapulani. Mukhoza kutsatira magulu akuluakulu okha, monga obwera ndi lole ya kabichi, n'kungoyerekeza za oyenda mmodzimmodzi. Iyi ndi LES, yomwe idachokera kwa akatswiri olosera zanyengo, makamaka Joseph Smagorinsky mu 1963. Kapena mukhoza kungoti, mwachidule anthu ambiri amalowera uku n'kutulukira uko. Iyi ndi RANS, yotchipa komanso yachangu, ndipo mtundu wake wotchuka ndi k-epsilon, womwe Brian Launder ndi Brian Spalding adaufalitsa mu 1974. Zithunzi zambiri zamitundumitundu zoonetsa mpweya m'zipinda zimachokera ku njira yachitatuyi.

Kusiyanaku kukukhudza ife kuposa mayiko olemera. Ku Ulaya mpweya m'chipatala umakankhidwa ndi makina pa liwiro lodziwika, ndiye kuwerengera mwachidule kumayandikira zoona. Kwathu kuno mpweya umabwera ndi mphepo, yomwe imawomba, kuleka, n'kutembenuka. Chitsanzo ndi chipinda chomwe chili ndi zenera mbali imodzi yokha. Mukawerengera mwachidule, mpweya wolowa ndi wotuluka pa zeneralo umakhala ngati ukufafanizana. Kwenikweni chomwe chimasinthitsa mpweya pamenepo ndi kugunda kwa mphepo komanso tiakamvuluvulu ta pazenera, zinthu zomwe njira ya RANS imazisalaza. Akatswiri omwe adafananiza njirazi ndi zoyeza zenizeni adapeza kuti pa zipinda zotere LES imayandikira zoona kuposa RANS. Choncho nyumba zomwe zili zofala kwathu ndi zomwenso kompyuta imavutika nazo kwambiri.

Zomwe CFD idaonetsa, ndi zomwe singathe

Njirayi ikagwiritsidwa ntchito bwino imaonetsa zomwe maso sangaone. Mu January 2020, mu lesitilanti ina mumzinda wa Guangzhou ku China, mabanja atatu omwe adakhala pa matebulo oyandikana adapezeka ndi Covid-19, anthu 10 onse pamodzi, pomwe ena ambiri omwe adadya m'chipinda chomwecho sadadwale. Akatswiri atabwereza zomwe zidachitika, pogwiritsa ntchito mpweya woyezera komanso CFD, adapeza kuti makina oziziritsira ankangozungulitsa mpweya womwewo pa matebulo atatuwo, ndipo mpweya wakunja womwe unkalowa sunkakwana ngakhale lita imodzi pa sekondi pa munthu aliyense. Mu July chaka chomwecho asayansi 239 adalembera WHO kalata yoti ivomereze kuti kachilomboka kamayenda ndi mpweya. Bungweli lidachedwa, koma mu 2024 lidatulutsa mawu atsopano ofotokozera matenda oyenda mumpweya, komanso mogwirizana ndi bungwe la CERN lidakhazikitsa chida chaulere cha pa intaneti chotchedwa ARIA, chowerengera chiopsezo m'chipinda.

Komabe chithunzi cha CFD chimakopa maso kuposa momwe chiyenera kukhulupiridwira. Kompyuta imayankha malinga ndi zomwe mwaiuza. Mukaiuza mphepo ya pa bwalo la ndege la Chileka, singakuuzeni za kalasi yomwe ili kuseri kwa phiri ku Tsangano. Mukaiuza kuti mazenera onse ndi otsegula, siidziwa kuti atatu adakhomedwa ndi misomali akuba atathyola, kapena kuti kabati ya mafayilo idatseka lachinayi. Siidziwanso kuti namwino wausiku amatseka onse ikangokwana 6 koloko chifukwa cha udzudzu ndi chisanu. N'chifukwa chake akatswiri enieni satulutsa zotsatira za CFD asanazifananize ndi zoyeza m'nyumba yeniyeni. Khansala kapena komiti ya chipatala ikadzaonetsedwa chithunzi chokongola cha mivi yofiira ndi yabuluu, funso loyenera ndi lakuti: mudayeza kuti, mwezi wanji, mazenera ali bwanji?

Pomwe CFD ingathandize dziko lino ndi pa mapulani omwe amamangidwa mobwerezabwereza. Pulani ya mdadada wa makalasi kapena ya chipatala chaching'ono imamangidwa m'malo mazanamazana. Kuiyesa kamodzi mozama, pa nyengo yozizira ya kumtunda ndi yotentha ya m'chigwa, ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi mtengo wa mdadada umodzi. Pulogalamu ya OpenFOAM ndi yaulere, ndipo sukulu zaukachenjede za MUBAS ndi MUST zimaphunzitsa mainjiniya omwe angaigwiritse ntchito. Kulemba ntchito katswiri kuti ayese chipinda chilichonse pachokha kukhoza kukhala kuwononga ndalama, chifukwa mfundo zikuluzikulu zidadziwika kale popanda kompyuta.

Nyumba zakale zidapambana

Mu 2007 Roderick Escombe ndi anzake adafalitsa zomwe adayeza m'zipatala 8 mumzinda wa Lima ku Peru. Atatsegula mazenera ndi zitseko, mpweya m'zipinda unkasinthika pafupifupi ka 28 pa ola, kuposa kawiri ka 12 komwe kamayembekezeka m'zipinda zodula zokhala ndi makina. Nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1950, za madenga aatali ndi mazenera akuluakulu, zinkafika ka 40 pa ola, pomwe zamakono zinkafika ka 17. Amisiri akale, omwe ankamanga mankhwala a TB asanapezeke, ankadalira mphepo ndi dzuwa. Mankhwala atabwera, madenga adatsika, mazenera adachepa.

Ku South Africa mtengo wa kuiwala kumeneku udaoneka mu 2006, pomwe madokotala a ku Tugela Ferry m'chigawo cha KwaZulu-Natal adalengeza za odwala 53 a TB yosamva mankhwala ambiri. Mwa iwo 52 adamwalira, ndipo ambiri adali atagonekedwapo m'chipatala. Patapita zaka, kafukufuku wotchedwa Umoya omuhle, kutanthauza mpweya wabwino m'Chizulu, adayeza zipatala zazing'ono ku KwaZulu-Natal ndi ku Western Cape. Kuwerengera kwawo kudaonetsa kuti kutsegula mazenera ndi zitseko kungachepetse kufala kwa TB m'zipatalamo ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kukonza mizere kuti anthu azidikirira panja kungachepetse kwambiri kuposa pamenepo. Malo odikirira, komwe anthu amakhala maola atapanikizana pa benchi asanaonane ndi dokotala, ndi omwe amafunika chidwi choyamba, chifukwa wodwala TB yemwe sanayezedwe amakhala pomwepo, pafupi ndi mayi wobwera kusikelo ndi khanda.

Malangizo a WHO a mu 2009 amati m'wodi wamba muzilowa malita 60 a mpweya wakunja pa sekondi pa wodwala aliyense, ndipo m'chipinda cha matenda oyenda ndi mpweya malita 160. Pa malo ena monga maofesi ndi makalasi, malangizo a mu 2021 amati malita 10 pa munthu. Tiyerekeze kalasi ya mamita 8 m'litali, 7 m'lifupi ndi 3 kutalika. Muli ana 60, chiwerengero chomwe boma limafuna pa mphunzitsi mmodzi, mpweya wonse uyenera kusinthika pafupifupi ka 13 pa ola. Muli ana 100, zomwe si zachilendo ku Sitandade 1 ndi 2, uyenera kusinthika ka 21. Kalasi ya mazenera mbali ziwiri zoyang'anizana ikhoza kufika pamenepo kukakhala kamphepo. Ya mazenera mbali imodzi, kapena ya njerwa zobowola zochepa zomwe zina adazimata ndi dothi chifukwa cha chisanu, n'kovuta kuti ifike.

Kundende nkhaniyi idafika mpaka kukhothi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1997 adapeza kuti akaidi 5 mwa 100 alionse omwe adaunikidwa pa ndende yaikulu ya Zomba adali ndi TB ya m'mapapo. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khothi lidagamula kuti kuthithikana kophatikizana ndi kuchepa kwa mpweya m'ndende ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo a dziko, ndipo lidapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Ndende za m'dziko muno zikusungabe anthu ochuluka kuposa omwe zidamangidwira, ndipo mkaidi akatuluka amabwerera kumudzi ndi mapapo ake.

Khitchini

Kwa amayi ambiri a ku Ntcheu mpweya woipa kwambiri sali kuupuma kuchipatala, koma pa mafuwa. Bomali lidakhalapo malo a kafukufuku pa nkhaniyi: mu 2014 akatswiri adafalitsa zotsatira za kafukufuku woyeserera yemwe adachitika ndi amayi 51 a m'midzi ya ku Ntcheu, pofuna kuona ngati n'zotheka kuyeza phindu la chitetezo mbaula pa thanzi. Kafukufuku wamkulu yemwe adatsatira, wotchedwa CAPS, adachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga ndi ana oposa 10,000 osakwana zaka 5. Mabanja ena adalandira mbaula zamakono zokhala ndi fani, zotulutsa utsi wochepa. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka m'magazini ya The Lancet, zidadabwitsa ambiri: chibayo mwa ana sichidachepe.

Izi sizikutanthauza kuti utsi ndi wabwino, kapena kuti mbaula n'zopanda ntchito, popeza zimapulumutsa nkhuni ndipo ana opsa ndi moto adachepa. Zikuonetsa kuti mwana amapuma utsi wochokera kwina kwambiri, kwa oyandikana nawo, ku zinyalala zowotcha, ku moto wa mafuwa womwe banja limayatsabe pophika mphika waukulu. Chipangizo chimodzi sichikonza mpweya ngati utsi ulibe potulukira. Utsi ndi wotentha, umakwera, n'kuunjikana pansi pa denga, ndipo mwaye wakuda pa udzu kapena pa malata ndi umboni wake. Mpata pakati pa khoma ndi denga, kapena bowo pamwamba pa khoma, umatulutsa utsi wochuluka kuposa zenera la m'munsi. Mfundo yomweyi imagwira m'kalasi ndi m'wodi, chifukwa thupi la munthu wamkulu limatulutsa kutentha kofanana ndi babu lakale la mawati 100, ndipo mpweya womwe tapuma umakwera nako. Apa ndi pomwe pali yankho la Tsangano: mipata ya pamwamba, pafupi ndi denga, imatulutsa mpweya wogwiritsidwa kale ntchito popanda kuwombetsa chisanu pamsana pa ana.

Chenjezo limodzi la nyengo yozizira: kugona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka kumapha. Mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo suoneka, munthu amangomva mutu ndi tulo.

Zomwe mungayeze nokha

Simufunika kompyuta kuti mudziwe ngati chipinda chikupuma. Koyilo ya udzudzu ija, kapena kachidutswa ka tishu, mukaiika pazenera ndi pakhomo imakuuzani kolowera ndi kotulukira mpweya. Utsi ukangoima pakati pa chipinda n'kumazungulira, ndiye kuti mpweya wa anthu ukuchitanso chimodzimodzi. M'chipinda choonera odwala, mpweya uyenera kuchoka kwa wachipatala, kudutsa wodwala, n'kutulukira panja, osati kulowera ku khonde la mkati komwe ena akudikira. Nthawi zina kungotembenuza tebulo ndi mipando kumakwanira. Fani ya padenga imaziziritsa thupi ndi kusakaniza mpweya, koma mazenera akakhala otseka imangozungulitsa womwewo, monga zidachitikira ku Guangzhou. Mu minibasi ya pa M1, kutsegula zenera la kutsogolo ndi lina la kumbuyo kumathandiza kuposa kutsegula limodzi, ngakhale wokhala pafupi nalo adandaule.

Palinso timakina ta m'manja toyezera carbon dioxide, mpweya womwe timatulutsa popuma. Panja umakhala pafupifupi 420 ppm. M'chipinda ukapitirira 1,000, ndi chizindikiro choti anthu akupumirana mpweya wambiri. Pa yunivesite ina ku Taiwan, komwe TB idagwira anthu 27, zipinda zapansi zidapezeka ndi mlingo woposa 3,000. Atakonza kayendedwe ka mpweya n'kutsitsa mlingowo kufika cha m'ma 600, kufala kwa matendawa kudaleka. Kamakina kamodzi ku ofesi ya zaumoyo ya boma, koyenda ndi alangizi a zaumoyo m'makalasi ndi m'malo odikirira mu July, kangaonetse nyumba zoyenera kuyamba kukonzedwa.

Mpweya sulowa m'malo mwa mankhwala. Wodwala TB akayamba kumwa mankhwala oyenera, mphamvu yopatsira ena imatsika msanga, ndipo mankhwalawa ndi aulere m'zipatala za boma. Ngati mukutsokomola kwa sabata ziwiri, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuwonda, pitani mukayezetse makhololo pa chipatala cha Ntcheu kapena chomwe muli nacho pafupi, ndipo ngati muli ndi HIV musadikire kuti sabata ziwirizo zikwane.

Kwa makomiti a chitukuko a m'midzi, makomiti a sukulu ndi makhansala omwe adzalandire mapulani a nyumba zatsopano, nthawi yofunsa ndi maziko asanakumbidwe. Kodi mazenera ali mbali ziwiri zoyang'anizana, ndipo amatsegukadi? Pali mipata pamwamba yomwe ikhalebe yotsegula usiku ndi m'chisanu, yokhala ndi waya wotchinga udzudzu? Nyumbayo yayang'ana komwe mphepo imachokera, kapena yabisala kuseri kwa mdadada wina? Malo odikirira ndi khonde lotseguka lofolera, kapena ndi kanjira ka mkati kopanda zenera? Pa pepala, kusuntha zenera n'kungofufuta mzere wa pensulo. Khoma likauma pamafunika nyundo, simenti ina ndi chilolezo cha khonsolo.